Kupewa kukondera posankha womanga m'makomiti a chitukuko ku Dowa ndi Ntchisi

Kukondera posankha womanga kumachitika pamene membala wa komiti ali ndi phindu lakelake pa ntchito yomwe komitiyo ikupereka, monga ngati wofuna ntchitoyo ndi m'bale wake, mnzake wapabizinesi kapena munthu amene ali naye ngongole. Ngakhale pasakhale ndalama yobedwa, anthu amasiya kukhulupirira komiti yotere. M'maboma a Dowa ndi Ntchisi, m'chigawo chapakati cha Malawi, nkhaniyi imakhudza makomiti a VDC ndi ADC, makomiti a sukulu ndi makomiti a mijigo.

Mbiri

Pakati pa zaka za m'ma 1990, thumba la MASAF linayamba kupereka ndalama kwa makomiti a m'midzi kuti azigula okha zipangizo ndi kulemba amisiri omanga midadada ya sukulu, milatho ndi nyumba za aphunzitsi. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapereka mphamvu zambiri kumakhonsolo, ndipo mu 2006 kunabwera thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF. Kuyambira pamenepo anthu wamba akhala ndi gawo posankha wogwira ntchito zachitukuko.

Chifukwa chake n'chovuta

Anthu ambiri m'maboma awiriwa ndi Achewa, ndipo m'mudzi umodzi ambiri amakhala pachibale kudzera ku mbumba kapena ku ukwati. Mmisiri wodziwa ntchito angakhale mkamwini wa wapampando, mphwake wa mfumu kapena mlamu wa msungichuma. Mwambi umati chibale n'fupa sichiola, choncho kukana m'bale pagulu n'kovuta.

Komanso m'madera a mapiri, kutali ndi msewu wa M1 womwe umadutsa pa Mponela ndi Madisi, misewu yambiri ndi yafumbi ndipo imavuta nthawi yadzinja. Womanga wochokera ku Lilongwe amawerengera mtengo wa mayendedwe, motero komiti imatsala ndi amisiri ochepa a m'deralo.

Zimene malamulo amanena

Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, lomwe linakhazikitsa bungwe la ACB, limafuna kuti wogwira ntchito m'boma aulule ngati iye kapena wachibale wake ali ndi phindu pa mgwirizano womwe ukukambidwa, ndipo asatenge nawo mbali posankha. Lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma la 2003, lomwe linalowedwa m'malo ndi lina mu 2017, linatsindikanso mfundo yomweyi. Makomiti a m'midzi amalimbikitsidwa kutsatira njira imeneyi chifukwa ndalama zomwe amagwiritsa ntchito ndi za anthu onse.

Njira zopewera

Cholinga si kuletsa wachibale aliyense kupeza ntchito, chifukwa m'midzi yambiri sipangatsale munthu. Chofunika n'chakuti wachibaleyo apikisane mofanana ndi ena.

1. Ntchito ilengezedwe poyera, pa msonkhano wa mudzi, kutchalitchi, kumsika ndi pasukulu.
2. Komiti igwirizane zoyenera kuyang'ana, monga mtengo, nthawi ndi ntchito zomwe munthu anagwirapo kale, isanaone mayina.
3. Pakhale makoteshoni osachepera atatu, otsegulidwa anthu akuona.
4. Membala amene ali pachibale ndi wopikisana anene yekha, atuluke, ndipo mlembi alembe zimenezi.
5. Malipiro aziperekedwa m'magawo, katswiri wa kukhonsolo akayendera ntchito.
6. Wosayinira ndalama kubanki asakhalenso wogulitsa simenti, malata kapena matabwa.

Zotsatira zake

Womanga akasankhidwa mokondera, komiti imachita manyazi kumudzudzula akachepetsa simenti kapena akathawa ntchito isanathe. Denga limasasuka ndi mphepo, kamlatho kamakokoloka ndi madzi, ndipo anthu amene anaumba njerwa ndi kututa mchenga mwaulere amakana kuthandiza pa ntchito yotsatira. Odandaula angapite ku ADC, kwa khansala, kwa DC kapena ku ACB.