Pamene Mzungu Anali Mlendo kwa Che Mataka ndi kwa Chiteji

Mu Julaye chaka cha 1866 mzungu wina wotopa anafika ku Mwembe, mudzi waukulu wa Che Mataka, kumpoto chakum'mawa kwa Lichinga ya lero. Dzina lake linali David Livingstone. Anali atayenda miyezi itatu kuchokera kunyanja yamchere, kutsata mtsinje wa Rovuma, ndipo masiku otsiriza anadutsa m'thengo mopanda mudzi, iye ndi anthu ake akugona ndi njala. Ngamila zomwe ananyamuka nazo zinali zitafera m'njira. Mataka anamupatsa nyumba, namutumizira chakudya. M'buku lake la ulendo Livingstone analemba kuti mudziwo unali ndi nyumba pafupifupi chikwi, kuti mfumu inkavala ngati Mwarabu, ndiponso kuti anthu ankathirira minda yawo ndi madzi oyenda m'ngalande. Abale, tiyambire pamenepa, chifukwa ana athu ambiri amaganiza kuti mzungu anafika kuno ali kale bwana. Anafika ali mlendo wopempha ufa.

Sanali woyamba kuponda dera lino. Kale mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa, nadzera kumwera kwa nyanjayi, koma anangodutsa. Ayao nawonso sanadikire mzungu kuti adziwe za maiko akutali. Amalonda awo ankapita okha ku Kilwa, ku Ibo ndi kuchilumba cha Mozambique atasenza minyanga, fodya ndi makasu, pobwerako nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Tisabisane: pofika zaka za m'ma 1800 katundu wamkulu wa maulendo amenewa anali anthu, ndipo ambiri mwa ogwidwawo anali a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Livingstone ali ku Mwembe anaona gulu la amayi ndi ana oposa makumi asanu, pamodzi ndi ng'ombe, omwe anyamata a Mataka anawagwira kunyanja mfumu isakudziwa. Mataka analamula kuti onse abwezedwe kwawo. Mzungu anangoonerera ndi kuyamika. Wolamula anali mwini mudzi.

Patapita zaka khumi ndi zinayi, mu 1880, kunabwera wina woti adzakhale. Ameneyu ndi William Percival Johnson, wa mishoni ya Angelezi yotchedwa UMCA. Mataka woyamba, Che Nyambi, anali atamwalira, ndipo wolowa m'malo mwake analola mlendoyo kumanga ndi kuphunzitsa. Koma chaka chotsatira Angelezi anagwira akapolo kugombe la nyanja yamchere, ndipo ku Mwembe kunamveka kuti amene anaulula za ulendowo ndi mzungu wa m'mudzi uja. Johnson atachokapo pang'ono, nyumba yake inafunkhidwa, katundu yense n'kupita. Mfumu inawerengera bwino: mlendo uyu sabweretsa onga, sagula minyanga, ndipo abale ake akuwononga malonda. Ankamusungiranji?

Kunyanja nkhani inali ina. Mu 1882 Johnson anatsikira kugombe pamodzi ndi mnzake Charles Janson, yemwe anamwalira atangofika kumene. Johnson anakakhala kwa mfumu Chiteji, kufupi ndi Kobwe. Anyanja a masiku amenewo ankakhala mwamantha. Kumapiri kunali ogwira akapolo, ndipo kuchokera kumpoto, kudera la Songea, kunkabwera Angoni otchedwa Magwangwara, kawirikawiri chilimwe chikafika, kudzalanda chakudya ndi anthu. Midzi inaunjikana m'malinga, ena anamanga m'mabango ndi pamiyala ya m'madzi, ena anawolokera ku Likoma ndi ku Chizumulu. Munthu wokhala chotero akaona mlendo amene ali ndi nsalu, mankhwala, ndi mtima wopita yekha kukalankhula ndi Angoni, samuthamangitsa. Chiteji sanalandire Johnson chifukwa chogonja kapena chifukwa chosadziwa kanthu. Anaona chishango, nachitola. Ndi chilolezo chake amishoni anamanga pa Likoma mu 1885, ndipo sitima yawo, yomwe anaitcha dzina la malemu Janson, inayamba kuzungulira midzi ya m'gombe.

Chinthu china chimene timachiiwala n'chakuti kumidzi yambiri nkhope ya mishoni sinali yoyera. Aphunzitsi oyamba anali anthu akuda omwe anawomboledwa mu ukapolo n'kuphunzira ku Zanzibar. Augustine Ambali, amene anakhala zaka zambiri ku Msumba, anali mmodzi wa iwo. Johnson mwiniwake, maso ake atawonongeka ndi matenda mu 1884, ankadalira anthu otere powerenga ndi pomasulira, mpaka Baibulo lonse linatuluka m'Chinyanja cha kuno kunyanja mu 1912. Kusukulu ya Ayao ku Unangu kunali Yohanna Barnaba Abdallah, amene mu 1919 anasindikiza mbiri ya Ayao m'chilankhulo chawo. Zambiri zimene timadziwa za Che Nyambi tinazimva kwa iye.

Kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, mfumu yamphamvu inkachita ndi mzungu monga yafunira. Mu 1888 kwa Makanjira, dera lomwe lero lili mbali ya Malawi, anthu anagwira Johnson ndi John Buchanan, woimira boma la Angelezi. Buchanan anamuvula n'kumukwapula, ndipo awiriwo anamasulidwa atalipira dipo. Apwitikizi nawo anali atayamba kutumiza anthu awo ndi mbendera ndi mapepala oti mafumu adindepo chala: Augusto Cardoso anafika kuno mu 1886, António Maria Cardoso mu 1888 ndi 1889. Mafumu ena analandira mbendera monga amalandirira mphatso ina iliyonse ya wamalonda. Makolo amati mlendo ndi mame, ndipo panalibe chifukwa choganizira kuti awa adzasiyana ndi ena. Koma msilikali wachinyamata Eduardo Valadim atafika ndi mbendera yake m'dziko la Mataka mu 1890, anaphedwa.

Chimene mafumuwa sankatha kuchiona chinkachitika kutali. Pa 11 Juni 1891, ku Lisbon, Angelezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano logawana dziko lino. Malire anatsata gombe la kum'mawa kwa nyanja, kenako n'kupatuka kulowera ku Chiuta ndi ku Chilwa. Likoma ndi Chizumulu zinagwera kwa Angelezi chifukwa cha mishoni ija, ngakhale kuti munthu ali pa Kobwe amaiona Likoma ndi maso. Choncho Chiteji, amene anapereka malo pachilumbacho, anapezeka kuti mudzi wake uli m'dziko lina, chilumba chili m'dziko lina. Panalibe Mnyanja kapena Myao ndi mmodzi yemwe amene anafunsidwa. Ndipo tsiku limenelo, kuyambira ku Mtengula mpaka ku Mwembe, kunalibe boma la Mpwitikizi ngakhale limodzi. Anagawana nyama imene inali isanaphedwe.

Boma la Portugal linalibe ndalama zolamulira dera lalikulu chotere, motero linalibwereketsa kwa kampani, Companhia do Niassa, yomwe inayamba ntchito mu 1894. Kampani si mfumu, ndipo si mishoni. Imafuna phindu, ndipo kuno phindu lake linali anthu: msonkho wa nyumba, ntchito yokakamiza, ndi amuna otumizidwa kumigodi ya ku Transvaal. Cha m'ma 1900 inamanga boma ku Mtengula, ndipo midzi ya m'gombe, yomwe inali itangoyamba kupuma ku nkhondo za Angoni, inayamba kuona asilikali a kampani akutolera msonkho, akugwira amayi ngati chikole mwamuna akathawa. Amishoni ankalemba madandaulo, koma analibe mphamvu yoletsa. Chishango cha Chiteji chinali chothandiza pa mikondo ya Angoni. Pa msonkho chinalephera. Mabanja ambiri anakwera mabwato kapena kudutsa m'thengo usiku kupita ku Nyasaland. Inu amene muli ndi azakhali ku Likoma, kwa Makanjira kapena ku Namwera, funsani akuluakulu kuti anawoloka liti ndipo ankathawa chiyani.

Kumapiri a Mataka kunatenga nthawi. Apwitikizi anatentha Mwembe mu 1899, koma atangobwerera anthu anamanganso. Mpaka mu 1912, patapita zaka makumi awiri ndi chimodzi chisainireni pangano la ku Lisbon, ndi pamene gulu lalikulu la nkhondo linagonjetsa dzikolo. Mataka wa nthawi imeneyo anawoloka Rovuma ndi anthu ake ambirimbiri kulowa m'dziko la Ajeremani, ndipo pamalo pake Apwitikizi anamangapo linga n'kulitcha Valadim. Kampani inatha mu 1929, boma la Portugal n'kutenga ulamuliro lokha. Tauni yomwe timakagulako mchere ndi malata lero inakhazikitsidwa mu 1931 ndi dzina loti Vila Cabral, ndipo dzina la Lichinga inalitenga dziko litalandira ufulu mu 1975.