Makina oonetsa pamene poizoni ndi mankhwala zakhala m'thupi ndi m'mbewu

Nshawa za ku Petauke kapena ku Nyimba zikatumizidwa kukapimidwa cuku, akatswiri amayamba azipera, nazisungunula m'mankhwala, ndipo makina amanena kuculuka kwa poizoni wa aflatoxin. Yankho limabwera ngati nambala imodzi. Nambalayo siinena ngati poizoniyo anali pakhungu la njere kapena m'kati mwake, pakuti kupera kumasokoneza zonse.

Njira yochedwa imaging mass spectrometry ndiyo imayankha funso lakuti cinthuco cili pati. Makina a mass spectrometer amazindikira tinthu tosaoneka ndi maso poyesa kulemera kwake. M'caka ca 1997, Richard Caprioli ndi anzake ku America anaonetsa kuti makinawa angathe kujambula mapu a tinthuto pa kacidutswa ka mnofu wosapera.

Kacitidwe kake nkotere. Mnofu, kaya wa mapapo, wa ciwindi kapena njere ya mbewu, amauumitsa ndi cisanu, naudula mopyapyala koposa tsitsi la munthu, pafupifupi ma micrometre 10. Kacidutswako amakaika pa kagalasi ndi kukawaza mankhwala ochedwa matrix. Kenaka kuwala kwa laser kumalasa kadontho ndi kadontho, madontho zikwizikwi, ndipo pa kadontho kalikonse makina amalemba zimene apeza. Kompyuta imasonkhanitsa zonsezo nipanga cithunzi ca mitundu.

Pomva cabe zioneka zapafupi, koma pamanja mpamene pagona nkhani. Wowaza matrix akanyowetsa kwambiri, tinthu tija timasuntha kucoka pamalo pake, ndipo cithunzi cimanama ngakhale cioneke cokongola. Akawaza pang'ono, makina sapeza kanthu. Mnofu ukacedwa kuumitsidwa umayamba kusintha usanapimidwe. Nciye cifukwa cake anthu amene anatha kale maphunziro apamwamba, ena a imvi kumutu, amabwerera ku thebulo kukaphunzira monga ana a sukulu. Yunivesite ya Vanderbilt ku Nashville, kumene Caprioli anakakhazikika, inachuka ndi maphunziro a masiku ocepa ochedwa AIMS, momwe ofufuza amadula, kuwaza ndi kupima okha, mphunzitsi ali pambali. Buku silingaphunzitse dzanja kudziwa kuti apa ndawaza mokwana.

Phindu la luso limeneli linaoneka bwino pa matenda a cifuwa cacikulu ca TB, amene tonse tiwadziwa muno m'Zambia. M'caka ca 2015, gulu la Véronique Dartois ndi Brendan Prideaux linafalitsa zimene linapeza m'mapapo ocotsedwa mwa odwala pa opaleshoni. Zithunzi zinaonetsa kuti rifampicin ndi pyrazinamide zimalowa m'kati mwa zilonda zowola momwe tizilombo timabisala, pamene moxifloxacin salowamo bwino. Kupima magazi kokha sikukanaulula zimenezi. Kuno ku Africa, ofufuza a pa yunivesite ya KwaZulu-Natal ku Durban anagwiritsa nchito njira yomweyi kuona mmene mankhwala a TB amafikira mu ubongo wa makoswe.

Tisadzinamize, komabe: makinawa ngodula kwambiri, ndipo si a pamsika kapena pa depoti yogulira mbewu. Pamene nduna ya zaumoyo panthawiyo, a Elijah Muchima, inalengeza mu Ogasiti 2024 kuti agalu pafupifupi 400 anafa ndipo aflatoxin anapezeka mu ufa wa cimanga, cimene cinafunika msanga cinali kupima kwa masiku onse kuja, kopera ndi kuwerenga nambala. Kujambula mapu ndi nchito ya wofufuza amene afuna kudziwa kumene cuku cimalowera m'njere, ndi mbali imene mbewu imadziteteza, nkhani zothandiza obereketsa mitundu yatsopano ya nshawa monga a pa malo ofufuzira zaulimi a Msekera ku Chipata.