Matumba Awiri Sathetsa Mkangano: Mmene Akatswiri Amayerekezera Magulu Awiri

M'dera la mfumu yaikulu Kasakula, kumapiri a Ntchisi, mikangano ya alimi imakula nthawi yokolola. Wina anabzala Sasakawa, njere imodzi paphando. Mnzake anaponya zitatu monga ankachitira makolo. Wa Sasakawa wapitirira ndi matumba awiri, ndipo akuyenda modzitama. Katswiri wa ziwerengero sangamuombere m'manja msanga.

Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anagwirapo khasu. Minda iwiri, ngakhale yobzalidwa mofanana, siibereka chimodzimodzi. Wina uli pamtsetse pomwe madzi amakokolola nthaka, wina uli kufupi ndi dambo, kwina feteleza anathiridwa mochedwa. Tsono matumba awiri aja abwera ndi kabzalidwe, kapena ndi mwayi chabe?

Njira yoyankhira funsoli imatchedwa hypothesis testing. Wofufuza amagawa ndime zambiri m'magulu awiri pochita maere, kuti nthaka yabwino isagwere mbali imodzi. Kenaka amayamba ngati munthu wokayika: amati njira ziwirizi n'zofanana. Akatero amawerengera kuti, zikanakhaladi zofanana, kusiyana kwakukulu chonchi kukanaoneka kangati. Kukakhala kosowa, kosafika kamodzi pa maulendo 20, ambiri amavomereza kuti kusiyanako n'kwenikweni. Malire a 20 amenewa ndi chizolowezi cha akatswiri basi, sanagwe kumwamba.

Chodabwitsa n'chakuti masamuwa anakulira pa mowa. William Gosset, wogwira ntchito ku kampani ya Guinness mumzinda wa Dublin, ankavutika kuweruza ubwino wa zipangizo zofululira poyesa zochepa chabe. Mu 1908 anasindikiza njira yake pa dzina lobisika lakuti Student, ndipo mpaka lero njirayo, yotchedwa t-test, imadziwika ndi dzinalo.

Koma kungoti "zasiyana" sikukwanira. Mlimi amafuna kudziwa kuti zasiyana bwanji. Apa ndi pamene pamalowa confidence interval, yomwe Jerzy Neyman anailongosola mu 1937. M'malo motchula nambala imodzi, wofufuza amapereka malire awiri, apansi ndi apamwamba, monga achitira wogula soya akanyamula thumba n'kunena kuti kulemera kwake kuli pakati pa apa ndi apa. Ndime zikachuluka, malirewo amayandikana. Ziro, kutanthauza kuti palibe kusiyana, akapezeka pakati pawo, ndiye kuti mlandu sunagamulidwe.

Chitsanzo chomveka chili ku Blantyre. Kuyambira mu 2018, ana 28,130 a ku Ndirande ndi Zingwangwa anagawidwa mwa maere: theka analandira katemera wa taifodi, theka wa matenda oumitsa khosi. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti m'gulu loyamba anadwala taifodi ndi ana 12, pomwe m'gulu lachiwiri anadwala 62. Mphamvu ya katemerayo inapezeka 80.7 peresenti, malire ake 64.2 ndi 89.6. Ngakhale munthu atatenga nambala yapansiyo, ziro ali kutali zedi. Mu 2023 boma linayamba kupereka katemerayu m'dziko lonse.

Ndime imodzi yachionetsero m'mbali mwa msewu, yosamalidwa ndi mlimi wachitsanzo alangizi akuyang'anira, imakopa maso, koma payokha siingapereke malire otere. Kuti mkangano wa kwa Kasakula uthe, pafunika minda yambiri, yakumtunda ndi yakumunsi komwe, ndi sikelo imodzi yoyezera zokolola zonse.