Sevagram, Mudzi Umene Msewu Unachita Kuulondola

Pakati penipeni pa dziko la India, m'chigawo chimene lero chimatchedwa Maharashtra, pali mudzi wa Sevagram, pa mtunda wa makilomita 8 kuchokera ku tauni ya Wardha ndi pafupifupi 75 kuchokera ku mzinda wa Nagpur. Ndipo iye amene afikako lero pa galimoto, nadutsa chipatala ndi nyumba zogona ophunzira, sangakhulupirire msanga kuti m'chaka cha 1936 malowa, amene pa nthawiyo ankatchedwa Segaon, anali kamudzi ka anthu mazana owerengeka, ambiri a iwo a mtundu wonyozedwa umene anzawo ankakana ngakhale kuukhudza, kopanda positi ofesi, kopanda sing'anga, kopanda njira yoyenera kutchedwa msewu.

Kusowa kumeneku ndiko kunakoka Mahatma Gandhi. Iye anali atachoka ku Sabarmati, kumene ankakhala, m'chaka cha 1930, atalumbira kuti sadzakhalakonso kufikira dziko lake litamasuka ku ulamuliro wa Angerezi. Ndipo pokhulupirira kuti India weniweni ali m'midzi, anasamukira ku Segaon mu Epulo 1936, ali ndi zaka 66, namanga kanyumba ka dothi pa malo amene anapatsidwa ndi Jamnalal Bajaj, mkulu wamalonda wa ku Wardha. Nthaka ya kumeneko ndi yakuda, yokoma ku thonje koma yoipa ku phazi, kotero kuti m'dzinja akuluakulu a chipani cha Congress, ofuna uphungu wa nkhalambayo, ankafika pa ngolo ya ng'ombe kapena pansi, matope ali thathatha m'miyendo. Chaka chomwecho malungo anam'gwetsa Gandhi, ndipo anakagonekedwa ku chipatala ku Wardha, monga momwe munthu aliyense wa m'mudzimo akanayenera kunyamulidwira, akanakhala ndi womunyamula.

Makalata nawo ankasokera, popeza kunali malo ena otchedwa Shegaon, ndipo chifukwa cha ichi mudziwo unapatsidwa dzina la Sevagram m'chaka cha 1940. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo zinaterodi: msewu unakonzedwa, lamya inafika, ndipo maphunziro a ntchito zamanja otchedwa Nai Talim, amene anakambidwa ku Wardha mu 1937, anazika mizu pomwepo. Komatu chimene ine ndichiyesa chachikulu koposa ndi chipatala. Dr Sushila Nayar, amene anali sing'anga wa Gandhi, anayamba ndi kachipinda kopatsira mankhwala, kamene kanakula nikasanduka Kasturba Hospital, potengera dzina la mkazi wa Gandhi amene anamwalira m'ndende ku Pune mu 1944. Ndipo mu 1969 panatsegulidwa Mahatma Gandhi Institute of Medical Sciences, sukulu ya madokotala yomangidwira dala kumudzi, kuti ophunzira adziwe nthenda za alimi asanazolowere moyo wa m'tauni.

Gandhi anachoka ku Sevagram komaliza mu 1946. Lero siteshoni ya sitima yapafupi imatchedwa ndi dzina la mudziwo, ndipo pamenepo pamakumana njanji yochokera ku Mumbai kunka ku Howrah ndi ina yolumikiza Delhi ndi Chennai.

Koma tisaiwale kuti zonsezi zinadza chifukwa munthu wotchuka anakhalapo, pamene kalembera wa 2011 anapeza midzi yoposa 600,000 m'dzikomo, mokhala anthu oposa 830 miliyoni, ndipo yochuluka ya iyo sinalandirepo mlendo wotere. Ntchito ya boma yofikitsa misewu yopirira mvula ku midzi yotsalira, yotchedwa Pradhan Mantri Gram Sadak Yojana, inayamba mu Disembala 2000, patapita zaka 64 chifikire Gandhi ku Segaon, ndipo kwa mayi woyembekezera amene ankanyamulidwa pa ngolo m'matope, kuchedwa kumeneko kunali kwakukulu kopambana.