Kodi Mighty Man Ngwofunika Kumuŵerenga?

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Senga Bay. Tsiku lina mwera utakula, asodzi osaloŵa m'nyanja, agogo aamuna anandituma kukatenga ulusi wosokera ukonde m'bokosi lawo la chitsulo la ku Joni. Pansi pa bokosilo ndinapeza kabuku ka zithunzi kodyedwa ndi njenjete: kope loyamba la Mighty Man.

Agogo anabwera nako pamene amuna a Wenela ankabwerera kumudzi, boma litaletsa ulendo wa ku migodi chifukwa cha ndege imene inagwa ku Francistown mu 1974 ndi kupha Amalaŵi oposa 70. Iwo anati, “Mdzukulu wanga, munthuyu tinkamukonda poti anali wakuda ngati ife.”

Ngwazi zoterezi zinayambira ku America mu 1938, pamene Jerry Siegel ndi Joe Shuster anatulutsa Superman m'kope loyamba la Action Comics. Mighty Man anatuluka ku South Africa mu 1975, wosindikiza wake ali Afri-Comics. Iye ndi wapolisi amene walandira mphamvu zodabwitsa, ndipo amathana ndi mbala ndi zigaŵenga za m'malokeshoni.

Ndinaŵerenga kaŵiri ndili pa mchenga. Choyamba ndinasangalala. Kachiŵiri ndinadabwa: bwanji munthu wamphamvu chotere sakhudza chitupa, kapena lamulo limene linatsekera anthu ake m'malokeshonimo? Yankho linadziŵika mu 1978, pamene chinsinsi cha Connie Mulder ndi Eschel Rhoodie chinaululika. Nthambi yawo yofalitsa nkhani inkamwaza ndalama za boma mobisa kuti tsankho lioneke bwino, ndipo Afri-Comics inadya nawo ndalamazo. Ngwaziyo anailemba ntchito yophunzitsa wakuda kumvera. Koma ana a ku Soweto amene anaukira pa 16 Juni 1976 sanadikire munthu wovala chinyau kuti aŵapulumutse.

Tsono kodi kabukuka nkofunika kukaŵerenga? Ine nditi inde, koma monga momwe msodzi amaonera nyambo, kufuna kudziŵa pamene pabisala mbedza. Ife olemba a m'gulu lino tiyenera kudzifunsa: ngwazi zathu zimamenya yani, ndipo zimasiya yani?

Agogo sindinaŵauze zonsezi. Ndinabwezera kabukuko m'bokosi, ndi kuŵapatsira ulusi wawo.