Makalabu a Wailesi za Anthu Wamba: Kuchokera ku Hartford Mpaka Lero

Guglielmo Marconi atawolotsa chizindikiro cha wailesi pa nyanja ya Atlantic mu 1901, anyamata ambiri ku America ndi ku Ulaya anayamba kudzipangira zipangizo zawo m'zipinda ndi m'magalaja. Wailesi panthawiyo sinali youlutsira nyimbo. Inali yotumizirana mauthenga pogogoda timadontho ndi timizere ta Morse, ndipo munthu sakanasangalala nayo payekha popanda wina womuyankha. N'chifukwa chake makalabu sanachedwe kubadwa. Ku New York kunayamba Junior Wireless Club mu 1909, yomwe pambuyo pake inatchedwa Radio Club of America, ndipo ku London kunayamba ina mu 1913 imene lero ndi Radio Society of Great Britain.

Boma silinawakonde kwenikweni anthu amenewa. Sitima ya Titanic itamira mu 1912, anadzudzulidwa kuti amasokoneza mauthenga a zombo. Lamulo la ku America la chaka chomwecho linawakakamiza kukhala ndi ziphaso, n'kuwakankhira ku mafunde afupiafupi a mamita 200 kutsika pansi, amene akatswiri ankawayesa achabechabe.

Kalabu yomwe inasintha zinthu ndi ya mumzinda wa Hartford, m'chigawo cha Connecticut. Mu 1914 membala wake Hiram Percy Maxim analephera kufikitsa uthenga ku Springfield, mtunda wosakwana makilomita 50. Anapempha mnzake wa ku Windsor Locks, pakati pa mizinda iwiriyi, kuti aulandire n'kuupatsira. Zitatheka, Maxim anatula ganizo pamsonkhano wa kalabu: bwanji masiteshoni onse m'dziko muno azipatsirana mauthenga chotere? Mmenemo ndi mmene linayambira bungwe la American Radio Relay League, ndipo mu December 1915 iye ndi Clarence Tuska anatulutsa magazini ya QST imene ikusindikizidwabe. Ine ndimaona kuti pamenepa m'pamene pagona moyo wa makalabuwa. Zipangizo zinali zofooka, choncho anthu anaphunzira kudalirana.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inawatsekera mu 1917, koma atabwerera mu 1919 anachita zimene makampani aakulu sanayembekezere. Mu December 1921 Paul Godley anamanga tenti ku Ardrossan ku Scotland, kunja kukuzizira kwadzaoneni, ndipo anamva masiteshoni a ku America, kuphatikizapo 1BCG imene mamembala a Radio Club of America anaimanga ku Greenwich. Mu November 1923 Léon Deloy wa ku Nice anayankhulana ndi Fred Schnell komanso John Reinartz a ku America pa mafunde a mamita pafupifupi 100. Mafunde onyozeka aja ndiwo anapezeka kuti amadumphira m'mlengalenga n'kukagwera kutsidya la nyanja ndi mphamvu yochepa ya magetsi. Pa 18 April 1925 nthumwi zinakumana ku Paris n'kukhazikitsa International Amateur Radio Union.

Zochitika zimene makalabu amadziwika nazo lero zinakhazikika m'ma 1930. Field Day inayamba mu 1933. Chaka chilichonse kumapeto kwa June mamembala amanyamula mawailesi, mabatire ndi majenereta kupita kutchire kapena kupaki, n'kukoleka mawaya m'mitengo, n'kuchezera usiku wonse akupikisana kupeza masiteshoni ambiri. Kunja kumaoneka ngati chisangalalo chabe, pamakhala nyama yootcha ndi ana othamangathamanga, koma cholinga chake n'kuyeserera tsiku limene magetsi ndi mafoni zidzafe. Tsikulo limafikadi. Mphepo ya Katrina itasakaza New Orleans mu 2005, ndiponso ya Maria itagwetsa nsanja za mafoni ku Puerto Rico mu 2017, anthu a mawailesiwa anathandiza kunyamula mauthenga a opulumutsa anthu.

Zipangizo zapitiriza kusintha. Mu 1961 gulu la ku California linapanga setilaiti ya OSCAR 1. M'ma 1970 makalabu anayamba kuika makina obwereza mawu pamapiri ndi pansanja, ndipo mwambo wokumana pa wailesi madzulo amodzi pa sabata, aliyense n'kutchula chizindikiro chake ndi nkhani zake, unafalikira. America inachotsa mayeso a Morse mu 2007, achikulire ena akudandaula. Mu 2017 Joe Taylor, yemwe analandira mphoto ya Nobel, ndi Steve Franke anatulutsa FT8, njira imene kompyuta imatola nayo chizindikiro chimene khutu silingamve. Ubwino wake ndi woonekeratu, koma makompyuta awiri akapatsana manambala, macheza a anthu amachepa, ndipo m'makalabu ambiri imvi zachuluka kuposa achinyamata.

Pa wailesi zimenezi, Malawi ali ndi chizindikiro chake, 7Q, ndipo Zambia ali ndi 9J. Masiteshoni a 7Q ndi ochepa kwambiri moti alendo amachita kubwera ndi zipangizo zawo kudzaulutsira m'mbali mwa nyanja kuti anzawo akunja alimve dzikoli. Ife amene tinaona namondwe Freddy akudula misewu, magetsi ndi mafoni m'chigawo chakummwera mu 2023 tili ndi chifukwa chokwanira choyambitsira makalabu otere. Aphunzitsi a sayansi m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji, pitani ku MACRA mukafunse za chiphaso, muyambitse kalabu.