Mavuto a uthenga woyenda pa mawaya ambiri nthawi imodzi mu kompyuta

Kompyuta imasunga ndi kutumiza uthenga wonse pogwiritsa ntchito manambala awiri okha, 0 ndi 1, omwe amatchedwa ma bit. Pa waya, nambala iliyonse imadziwika ndi mlingo wa mphamvu ya magetsi: mphamvu ikakwera ndiye 1, ikatsika ndiye 0. Njira imodzi yotumizira uthengawu ndi yoika mawaya ambiri moyandikana, aliyense kunyamula bit yake pa nthawi imodzi. Akatswiri amaitcha parallel. Mphamvu ya waya aliyense ikamayezedwa poyerekeza ndi waya wa ground amene mawaya onsewo amagawana, njirayo imatchedwa single-ended. Ndi yosavuta kukonza ndipo siyidya ndalama zambiri, koma liwiro likakwera imabweretsa mavuto omwe angapangitse chipangizo cholandira kuwerenga 1 pomwe panatumizidwa 0.

Mavuto anayi aakulu

Vuto loyamba ndi kusiyana kwa nthawi yofika. Pa bolodi ya kompyuta, uthenga wa magetsi umayenda pafupifupi masentimita 15 pa gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Waya mmodzi akatalika pang'ono kuposa anzake, bit yake imafika mochedwa, ndipo chipangizo chimatha kuwerenga gulu lonse ina isanafike. Vutoli limatchedwa skew.

Lachiwiri ndi kusokonezana kwa mawaya oyandikana, komwe kumatchedwa crosstalk. Mphamvu ikasintha mofulumira pa waya mmodzi, imayambitsa kamphamvu kena pa waya wa pambali pake ngakhale kuti awiriwo sakukhudzana.

Lachitatu ndi kubwerera kwa uthenga. Pamene waya walumikizana ndi soketi, kapena pamene wagawika, gawo lina la mphamvu limabwerera m'mbuyo ngati mawu a munthu wofuula m'phanga, n'kusakanikirana ndi bit yotsatira.

Lachinayi limabwera chifukwa chogawana ground. Mawaya ambiri akasintha limodzi kuchoka pa 1 kupita pa 0, magetsi ochuluka amadutsa pa ground nthawi imodzi ndipo mlingo wake umagwedezeka. Popeza mawaya onse amayezedwa poyerekeza ndi iyeyo, onsewo amasokonezeka pamodzi.

Chitsanzo cha chingwe cha IDE

Amene anatsegulapo kompyuta yakale amadziwa chingwe chotakata ngati lamba chomwe chinkalumikiza hard disk. Chingwechi, chotchedwa IDE kapena Parallel ATA, chinayamba mu 1986 pa ntchito ya makampani a Western Digital, Compaq ndi Control Data Corporation. Chinali ndi mawaya 40, ndipo 16 mwa iwo ndi amene ankanyamula uthenga. Chifukwa cha mavuto atchulidwawa, sichinkaloledwa kutalika kupitirira masentimita 46.

Liwiro litafika mamegabaiti 66 pa sekondi, chingwe cha mawaya 40 chinalephera. Okonza anabweretsa chingwe cha mawaya 80. Mawaya 40 owonjezerawo sankanyamula uthenga uliwonse. Onse anali a ground, oikidwa pakati pa mawaya enawo kuti achepetse kusokonezana. Kompyuta ikazindikira kuti yapatsidwa chingwe chakale, inkadzitsitsira liwiro kufika pa mamegabaiti 33. Ngakhale ndi chingwe chatsopanocho, njirayi inathera pa mamegabaiti 133 pa sekondi.

Mu 2003 kunabwera SATA, yomwe imatumiza ma bit motsatana. Bit iliyonse imayenda pa mawaya awiri onyamula mphamvu zotsutsana, ndipo chipangizo cholandira chimawerenga kusiyana kwa awiriwo. Chisokonezo chikagwera onse awiri mofanana, kusiyanako sikusintha. SATA inayamba ndi mamegabaiti 150 pa sekondi pa chingwe chofika mita imodzi, ndipo mtundu wa 2009 unafika pa 600. Mofananamo, PCI Express inalowa m'malo mwa PCI, njira yomwe kampani ya Intel inayambitsa mu 1992.

Kumene njirayi ikugwirabe ntchito

Njira ya mawaya ambiri sinatheretu. Memory ya DDR, yomwe miyezo yake imakhazikitsidwa ndi bungwe la JEDEC, imaigwiritsabe ntchito chifukwa mtunda wa pakati pa memory ndi purosesa ndi waufupi. Kabolodi kamodzi ka DDR4 kali ndi mawaya 64 a uthenga, ndipo aliyense amatha kutumiza ma bit 3,200 miliyoni pa sekondi. Pa liwiro limeneli, pa nthawi ya bit imodzi uthenga umayenda mtunda wosakwana masentimita 5. N'chifukwa chake pa bolodi pamaoneka timizere tokhotakhota: mawaya aafupi amawatalikitsa dala kuti afanane ndi anzawo.

Mtundu uliwonse wa DDR unabwera ndi njira yake yothana ndi mavutowa. DDR2 inaika mkati mwa chip zipangizo zomeza mphamvu yomwe ikanabwerera. DDR3 inabweretsa njira yoti kompyuta ikamayatsidwa iziyeza kuchedwa kwa gulu lililonse la mawaya n'kukonza nthawi yotumizira. DDR4 imatha kutembenuza ma bit a gulu limodzi kuti chisokonezo cha pa ground chichepe. DDR5, yomwe inatuluka mu 2020, ili ndi njira yochotsera zotsalira za bit yapita isanawerenge yotsatira.

Mphamvu ya magetsi nayo yakhala ikutsika: DDR yoyamba inkagwiritsa ntchito mavolti 2.5, DDR2 1.8, DDR3 1.5, DDR4 1.2 ndipo DDR5 1.1. Kutsikaku kumapulumutsa magetsi, koma kumachepetsanso mpata wa pakati pa 0 ndi 1, moti chisokonezo chaching'ono chimakwanira kulakwitsa uthenga. Ichi ndicho chifukwa chake makompyuta ambiri amatsitsa liwiro la memory munthu akadzaza masoketi onse, komanso chifukwa chake ma seva a m'mabanki ndi m'maofesi aakulu amagwiritsa ntchito memory ya ECC, yomwe imazindikira ndi kukonza bit imodzi yolakwika.